Golide wa Kuseri kwa Ndirande

Poloti yotchipa imakhala ndi chifukwa chake, ndipo chifukwa cha yangayi sichinabisike ayi. Chinali chimwala chili ndwii pakati penipeni, chotalika kundiposa ine nditakweza mkono. Malowo ali ku Machinjiri, kuseri kwa phiri la Ndirande, kumtunda kwenikweni kumene wakabaza amakutsitsa n'kunena kuti kwatsalako muyende nokha. Ogulitsa malowo, bambo wolankhula mofewa, ataona kuti maso anga ali pamwalapo anati, "Achimwene, anzanu amakagula kwale ku Njuli n'kulipiranso lole. Inu Mulungu wakuikirani pakhomo." Ine ndimalemba malisiti m'shopu ina ya zipangizo zomangira ku Limbe, choncho mtengo wa kwale ndimaudziwa. Ndinawerengera mumtima: maziko aulere, yotsala ndigulitsa, ndalama yake malata. Ndinasaina tsiku lomwelo, amayi akunyumba asanapondepo n'komwe.

Kaswedwe ka mwala ndinkati ndikukadziwa, poti ndakhala ndikuona amayi ndi anyamata a m'mphepete mwa msewu ku Bangwe akuchita. Amaunjika matayala akutha pamwala, kuyatsa, mwala ukatentha kuthira madzi, kenako nyundo. Loweruka lina nanenso ndinachita zomwezo. Utsi wakuda unatsetserekera kumunsi, zovala zimene mayi wa nyumba ya kumunsi kwanga anayanika zinada bii, ndipo kudziwana kwathu kunayambira pamenepo. Koma mwala unamvera. Unalira kuti thee, n'kuyamba kusendeka zikambazikamba. Pomenya ndi nyundo zikambazo sizinkalimbalimba, ndipo ine ndinaganiza kuti ndi mphamvu zanga. Pofika madzulo mulu unali utandifika m'chiuno.

Mmisiri amene ankamangira mnzanga wina wakutchalitchi anabwera kudzaona katundu. Sanapereke ndemanga. Anatola mwala umodzi, kuufinya m'dzanja, ndipo unanyenyeka, kutsala mchenga wachikasu ndi fumbi basi.

"Bwana, iyi si kwale," anatero. "Mwala uwu ndi wovunda. Mukathira mukonkire, silabu idzakutsikirani pamutu mukudya nsima."

Ndinaseka, chifukwa chibadwire sindinamvepo kuti mwala umavunda. Iye anapukutira dzanja paovolosi n'kumapita. Atapotoloka ndinayesa kufinya nanenso, ndipo m'dzanja mwanga ndi mmene ndinaona zonyezimira: tizidutswa ting'onoting'ono tachikasu chofiirira, titamatirira pathukuta. Ndinayang'ana uku ndi uku. Ndinafumbata dzanja n'kulipisa m'thumba.

Musandiweruze msanga. Nkhani ya golide nthawi imeneyo inali m'kamwa mwa aliyense. Reserve Bank inali itayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono mu 2021, anthu ankathamangira ku Makanjira ndi ku Nkhotakota, ndipo kuchigwa cha Lisungwe anthu akhala akusefa golide mumchenga kuyambira kalekale. M'minibasi ya ku Limbe simunkalephera kumva za mphwake wa uje amene anapita wapansi n'kubwera pa galimoto yakeyake. Nanga Machinjiri inalakwa chiyani?

Sindinauze munthu. Amayi akunyumba ndinawauza kuti nthawi ya maziko yakwana, ndipo iwo, mwa chikhulupiriro chimene lero amachitchula ndi dzina lina, anakatenga ngongole ku banki m'khonde. Ndinagula piki, fosholo, beseni ndi sefa. Anyamata aganyu ndinawauza kuti tikukumba chimbudzi. Dzenjelo tinaliyamba kumunsi kwa mwala, n'kumalowera pansi pake, chifukwa kumeneko ndiye kunkanyezimira kwambiri.

Pamwamba panali dothi lakuda, lochepa, losafika chikhatho. Kenako dothi la katondo, lofiira psuu, lomata pa fosholo, mpaka m'chifuwa. Titadutsa pamenepo tinafika pa chinthu chimene chinandizunguza mutu. Kuchiyang'ana chinali mwala ndithu, mizere yake ndi timadontho take toyera ndi takuda tikuoneka bwinobwino, koma piki inkangolowa mosavuta, ndipo chala chinkasiyapo dindo. M'kati mwake munali miyala ina yobulungira, yolimba gwa, imene anyamata ankaikunkhuniza kunja akutukwana. Zonse zotuluka m'dzenjemo tinkaziunjika m'malire akumunsi, pafupi ndi mpanda wa mayi uja.

"Bwana," anafunsa mmodzi wa anyamatawo dzenje litamupitirira mutu, "chimbudzi chake n'cha mpingo?"

Madzulo, anyamata akaweruka, ndinkatsala ndekha ndi beseni. Apa ndiye pali manyazi anga enieni. Ndikathira madzi n'kuzunguza, zonyezimirazo zinkayandama n'kumathawa ndi madzi. Ine poona chuma chikupita ndinkatchera kansalu kukamwa kwa beseni n'kumaziwakha. Kamchenga kakuda kolemera kamene kankatsalira pansi, kumene wosefa weniweni amayang'anako, ndinkakataya kutali. Mwa njira imeneyi ndinadzaza kabotolo ka mafuta odzola.

Tsiku lopita kutauni ndinanamiza abwana kuti ndikupita kuchipatala. Ndinakwera minibasi ku Limbe, kabotolo kali m'sokosi. Mumsewu wa Masauko Chipembere, podutsa pa Chichiri ndi pa Ginnery Corner, ndinkayang'ana magalimoto ogulitsa n'kumasankha mtundu. Kondakitala atandibera chenji sindinadandaule, ndinangomumvera chisoni. Ndinakwera wapansi mu Haile Selassie mpaka cha ku Victoria Avenue, n'kulowa m'kashopu kena ka mphete ndi ndolo. Mwini wake, mkulu wa imvi, ndinamunong'oneza kuti ndili ndi nkhani yofuna kuseri. Anati kuseri kulibe, nkhani ikambidwe pakauntala pomwepo.

Anakhuthulira pang'ono papepala loyera, kutenga singano, n'kubaya kachidutswa kamodzi. Kanagawika timasamba topyapyala, ndipo timasambato tinagawikanso. Kenako anatsina pang'ono n'kuwaza m'tambula ya madzi. Tinayamba kuvina m'madzimo osafuna kutsika.

"Golide mukamubaya amangophwatalala, sasweka," anatero. "Ndipo amalemera kuposa madzi ka 19. Amagwa pansi nthawi yomweyo, sathawa ndi madzi. Izi ndi mica."

Dzinalo linandimvekera lodula. Ndinafunsa kuti amagula bwanji pa galamu.

"Bambo, mwaponda yambiri pobwera kuno," anatero, n'kuitana mnyamata wake kuti nayenso adzaone.

Za usiku umenewo kunyumba sindikamba zambiri. Amayi akunyumba sanakuwe. Anangofunsa kuti, "Abambo, ndiye anzanga ku banki ndikawauze kuti chiyani?" Mmawa mwake anaimbira foni bambo awo.

Apongozi angawo ndi mphunzitsi wopuma, anaphunzitsa jogalafe ku sekondale kwa zaka zambiri, ndipo amakhala ku Chilomoni. Anabwera Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, jekete lili pathupi. Ndinakonzekera kudzudzulidwa. Iwo atasuzumira m'dzenje maso anawala, anavula jekete, n'kuitanitsa makwerero. Kukondwa kwawoko kunandipweteka kuposa mbama.

"Akamwini, tatsikani muone," anaitana ali pansi. "Zaka zonse zija ndinkajambula zimenezi pabolodi ndi choko. Inu mwandikumbira zenizeni."

Ndinatsika, nanga ndikanatani. Anandigwiritsa kachidutswa ka mwala wolimba uja n'kundiuza kuti ndiyang'anitsitse. Miyala ya mapiri a Blantyre, Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe, inapangidwa pansi kwambiri padziko zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo, anatero, ndipo si chinthu chimodzi ayi, ndi timibulu tosiyanasiyana togwirana. Toyera kapena tofiirira pang'ono ndi feldspar. Towala ngati galasi ndi quartz. Takuda tili ndi chitsulo m'kati, ndipo mica ili m'gulu limeneli. Madzi a mvula potsika amatenga mpweya wa carbon dioxide, akalowa m'nthaka amatenganso zotuluka m'masamba owola, n'kukhala asidi wofooka kwambiri, woti lilime silingamumve. Asidi ameneyu amalowa m'ming'alu. Feldspar imagonja n'kusanduka dongo. Chitsulo chimachita dzimbiri, ndipo dzimbiri limenelo ndilo kufiira kwa katondo yense wa mu Blantyre. Quartz imakana, imangomasuka anzake akatha, ndiye mchenga umene timamangira. Mica yakuda ikayamba kuvunda imasuluka n'kukhala yachikasu chonyezimira.

"Golide wanu ndi ameneyo," anatero, akupukuta chala pakhoma la dzenje. "Mwala uli pakati pa ulendo wosanduka dothi."

Kuno mvula imaposa mamilimita 1,000 pachaka ndipo kumatentha, choncho kuvundako kumalowa pansi mamita ambiri. Moto wanga wa matayala anati unangofulumizitsa zimene dzuwa ndi moto wolusa zimachita pang'onopang'ono pakhungu la mwala, ndipo mizu ya kachere nayo imang'amba yake, koma ntchito yaikulu ndi ya madzi, mwakachetechete, pansi. Sentimita imodzi ya nthaka imatenga zaka mazana kuti ipangike. Aphunzitsi akayamba saima. Anandipititsa ku Mulanje, pa Lichenya, kumene mvula yatsuka mwala mpaka kutsala bauxite, dothi lopangira aluminiyamu. Anandibweretsa ku HHI, ku tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott ndi amisiri akuno anamanga kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi njerwa zoumba ndi dothi lomweli, ndipo chiimirebe. Ine mumtima ndinkangowerengera chiwongoladzanja cha banki m'khonde.

Kenako anakweza maso kuyang'ana chimwala chimene chinali chitatiphimba, ndipo nkhope inasintha. Anati madzi amayamba kudya m'makona, chifukwa kona imalowedwa mbali zingapo, n'chifukwa chake miyala ya m'dzenjemo inali yobulungira. Chimwala changa chinali chimodzimodzi: mtima wotsala wa thanthwe limene m'mbali mwake monse munavunda kale.

"Inu mukuganiza kuti n'cholumikizana ndi phiri. Ayi. Changokhala m'dothi lovundali ngati mbatata mumzere. Ndipo mwaukumba mzerewo kumunsi. Tiyeni tituluke."

Tili kunja anatchula zimene aliyense mu Blantyre amazidziwa. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, dothi lovunda la m'phiri la Soche linamwa madzi mpaka kulephera kudzigwira. Linatsetsereka pamwamba pa thanthwe lolimba la pansi, litanyamula miyala yonga yangayi, n'kutsikira pa nyumba za anthu ku Chilobwe ndi ku Manja. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Akuluakulu amati Napolo, monga anatchulira za ku Zomba mu 1946 ndi za ku Phalombe mu 1991. Apongozi anati dzina mutchule limene mukufuna, koma dzenjeli likwiriridwe mvula isanagwe.

Ndinavomera ndi mtima wonse. Vuto linali lakuti anyamata aja, poona kuti malipiro awo akuchedwa, anali atatenga piki ndi fosholo ngati chikole. Ndalama inali itatha. Kunali October, dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kopanda kamtambo. Ndinadziuza kuti masiku ano mvula yeniyeni imayamba mu December, ndipo malipiro a mwezi wamawa akabwera ndikonza zonse. Inagwa usiku wina mu November, ya mabingu, ine ndili m'nyumba ya lendi ndikumva kukoma kwake pamalata.

Foni inalira kusanache. Anali mayi wa kumunsi uja, ndipo moni sanapereke.

Ndinapeza anthu atadzaza kale. Mulu wanga wonse unali utasamuka. Madzi ochokera kumtunda anadzaza dzenje, kusefukira, kukankha mulu, kugwetsa mpanda wa udzu, n'kumwaza zonse pabwalo la mayiyo. Ngakhale mutu unali utaima, ndinaona kuti katunduyo sanagwe mwachisawawa. Miyala ikuluikulu inatsala pomwe panali mpanda. Timiyala tinapitirira pang'ono mpaka pa thandala la mbale. Mchenga unayala bwalo lonse, kukwirira dimba la mpiru ndi mafuwa. Matope osalala, ofiira, anayenda ulendo wautali kuposa onse: analowa pansi pa chitseko, kudutsa pabalaza, n'kukagona kuchipinda, pansi pa bedi. Ndipo pamwamba pa matopewo, dzuwa litatuluka, pabalaza ponse pankanyezimira golide wanga.

Zimenezo anthu akanatha kuseka. Chimene sanaseke ndi chimwala. Chinali chitapendekera kudzenje, kumbuyo kwake kutatseguka mng'alu wolowa mwendo, ndipo kutsogolo kwake kunali nyumba ya mayiyo ndi zina zitatu. Mayi wina amene anasamukira kuno kuchokera ku Chilobwe anangonyamula ana ake n'kuchoka osalankhula. Pamenepo ndinalakalaka dzenje lija likanakhala lakuya kuposa apo.

Kwa amfumu mlandu sunatalike, poti wokana panalibe. Anagamula kuti chimwala chiswedwe ndi anthu odziwa ntchito sabata yomweyo, dzenje likwiriridwe, bwalo la mayi ndilikonze ndi manja anga, ndipo ndimange khoma lotchinga dothi m'malire. Anafunsanso, pamaso pa anthu onse, kuti chimbudzi chotere ndinachionera kuti. Mmodzi wa anyamata aja, amene anabwera kudzakumbutsa za ndalama yake, anayankha m'malo mwanga. Anali atandiona kalekale ndi beseni. Kuyambira tsiku limenelo dera lonse limanditchula kuti a Golide, ndipo ana amandipatsa moni ndi dzina limenelo mwaulemu wonse.

Mvula inagwanso kangapo ndisanamalize kuchotsa, ndipo iliyonse inkabweretsa zake. Tsiku lina ndikudula ndi fosholo yobwereka, apongozi ali chiimire pambali chifukwa tsopano ankabwera kawirikawiri, anandigwira mkono. Pamene fosholo inadula panaoneka mizere yosanjikizana: timiyala pansi, mchenga pamwamba pake, kamzere kopyapyala ka matope, kenako timiyalanso, mchenga, matope. Mvula iliyonse inali itasiya mzere wake. Madzi akathamanga amanyamula zonse, anatero, akayamba kufooka amatula zolemera poyamba, zopepuka pomaliza. Zimene zinapitirira bwalo la mayiyo zinalowa mumtsinje, ndipo mitsinje ya mbali ino imathera mu Shire, kumene matope otere amadzaza madamu a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ndiye kuti ngakhale kuthima kwa magetsi ndili ndi gawo langamo.

Mayi mwini bwalo anali pakhonde akutsuka mbale zimene tinafukula. Apongozi, poti mphunzitsi sasankha kalasi, anatembenukira kwa iwo.

"Mayi, mukudziwa kuti izi zikanasiyidwa zikanasanduka mwala? Zina zikaunjikana pamwamba, kulemera kumafinya madzi, ndipo madzi otsalawo amasiya zomatira pakati pa timibulu. Mchenga umakhala sandstone, matope amakhala shale. Mukapita ku Mwabvi ku Nsanje kapena ku Lengwe ku Chikwawa mukaona miyala ya mizeremizere yotere, ya zaka zoposa 200 miliyoni. Malasha a ku Mchenga ku Rumphi ndi zomera za m'madambo zimene zinakwiririka chomwechi. Ndipo mafupa a Malawisaurus amene anapezeka ku Karonga anasungika chifukwa mchenga ndi matope a mitsinje zinawakwirira."

Mayiyo anaika mbale pansi. "Zaka zingati mwati, bambo?"

"Mamiliyoni, mayi."

"Ine alendo a chinkhoswe akubwera Loweruka. Auzeni akamwini anuwo afulumire."

Oswa miyala enieni anabwera ndi nyundo zazikulu ndi zitsulo zokhomera m'ming'alu. Atachotsa chikamba chovunda chija, m'kati munali mwala wotuwa, wolira ngwee, wothetheka moto pomenya. Mmisiri uja anabweranso, kutola kachidutswa, kufinya, ndipo ulendo uno anagwedeza mutu movomereza. Inali kwale yabwino kwambiri, anatero, yoposa ina imene amagula. Ogulitsa malo aja sananame kwenikweni. Kungoti kwale yonseyo inathera kukhoma la mayi wa kumunsi, ndipo yotsala oswawo anatenga ngati mbali ya malipiro awo.

Khomalo linafunanso mchenga. Simenti ndinatenga pangongole kuntchito, azidula kumalipiro, koma mchenga amayi akunyumba anati ndikagule ndekha, iwo ndalama yawo sidzadutsanso m'manja mwanga kufikira ya banki m'khonde itabwezedwa. Ndinatsikira kukamtsinje ka kumunsi kwa dera lathu, kumene amayi amawola mchenga mvula ikagwa n'kuunjika milumilu m'mbali mwa njira. Chaka chimenecho anati mchenga wachuluka modabwitsa, wina kumtundako anachita kuwatumizira. Ndinatapa pang'ono m'dzanja. Unali wachikasu, wonyezimira, ndipo ndinauzindikira. Ndinayesa kunenerera mtengo, ponena kuti kwenikweni katunduyu ndi wochokera papoloti yanga. Mayi wogulitsayo anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kuitana anzake.

"Tabwerani mudzamve, a Golide akuti mchenga ndi wawo."

Ndinalipira mtengo wonse, ndi ya mnyamata wa wilibala yapadera.